Mwana wotayidwa makolo ali moyo: lamulo likuti chani, nanga boma limathandiza pati?

Pakangomveka nkhani ya mwana wogona pakhonde la shopu mtauni ya Zomba muno, kapena mwana amene mayi omupeza amuotcha manja chifukwa chotapa ndiwo mumphika, anthu timayankhula zofanana: boma limutenge mwanayo, a social welfare ali kuti. Zomveka ndithu, mtima umawawa. Koma ukafunsa kuti limutenge likamuike kuti, azikadya chani, amulere ndani mpaka akule, apa aliyense amangoti zii. Nde ndati tifotokozerane mmene nkhaniyi ilili pa lamulo, chifukwa ambirife timaganiza kuti kwinakwake kuli nyumba yaikulu ya boma yolelerako ana osowa owasamala, pomwe lamulo lathu silinamangidwe choncho. Limayamba kaye lagwira kholo pakhosi, kenako abale, kenako mudzi, boma limabwera kumapeto ndipo limabwera manja ali opepuka.

Lamulo lenilenilo dzina lake ndi Child Care, Protection and Justice Act, linakhazikitsidwa mu 2010. Lisanabwere tinkagwiritsa ntchito Children and Young Persons Act ya 1969, imene maso ake anali kwambiri pa ana olakwira malamulo, za mwana wongovutika inalibe nazo zambiri. La 2010 linaphatikiza zinthu zitatu malo amodzi, kasamalidwe ka mwana, chitetezo chake, ndi mmene mlandu wake uyendere akalakwa. Poyamba panali chisokonezo pa zaka, chifukwa lamuloli limodzi ndi gawo 23 la malamulo aakulu a dziko ankati mwana ndi wosakwana zaka 16, ndekuti mtsikana wa Fomu 2 wa zaka 17 anali pakatikati, wamkulu ayi mwana ayi. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu aja, mwana anakhala aliyense wosafika zaka 18, ndipo kampata kaja koti mwana wa zaka 15 atha kukwatiwa makolo akavomera kanatsekedwa pomwepo.

Tiyambe ndi makolo poti ndi pamene pagona nkhani yambiri kuno kwathu. Lamulo likuti kholo lili ndi udindo wopatsa mwana chakudya, zovala, pogona, chithandizo cha kuchipatala ndi kumuteteza ku nkhanza ndi kutayiriridwa, ndipo udindowu ndi wa bambo ndi mayi onse awiri, kaya banja lilipo, kaya linatha, kaya silinakhaleko nkomwe zinangochitika pachibwenzi. Mfundo imeneyi ndi yolemera ku Zomba kuno chifukwa kwa Mwambo, kwa Chikowi, kwa Kuntumanji, kwa Malemia, ambiri ndife a chikamwini. Mwamuna amakakhala kwa mkazi, ana ndi a mbumba ya kuchikazi, banja likatha bambo amanyamula kachikwama kake kubwerera kwawo nkukakwatira kwina, ana amatsala ndi mayi awo ndipo mwambo umati owayang'anira ndi amalume. Kale zinkayenda chifukwa amalume anali ndi munda waukulu ndi nkhokwe. Lero amalume omwewo ali ndi ana awo asanu ndi kamunda kosakwana ekala, nde mwana wa mchemwali wawo amangomuona pa maliro. Bambo akuti ana si a mtundu wanga, amalume akuti ana ali ndi bambo awo, mwana ali pakati osadya. Khoti silimva zimenezo. Wabereka ndiwe, usamale.

Njira imene lamulo linapereka ndi yokasuma kukhoti la ana kuti kholo lizipereka chithandizo. Zomba tili ndi mwayi poti khoti la ana, Child Justice Court, lilipo konkuno. Chimene ambiri sadziwa nchoti wosuma sikuti akhale mayi wa mwana yekha ayi. Mwana mwini atha kusuma, agogo amene akumusunga atha, wachibale wina, wa social welfare, wapolisi, wa zaumoyo, ngakhale aphunzitsi ake amene akuona kuti mwanayu akubwera kusukulu ndi njala tsiku ndi tsiku. Anachita dala kutambasula chonchi podziwa kuti mayi ambiri amaopa, ena amanyengereredwa ndi ankhoswe kuti musamuchititse manyazi mwamuna wanu, ena akuyembekezabe kuti mwina abwerera.

Tiyerekeze mayi wa ku Chinamwali amene amagulitsa tomato pamsewu, mwamuna anachoka ali ndi mimba ya mwana wachitatu. Kawirikawiri nkhani imayambira kwa ankhoswe, ikakanika kwa amfumu, kenako ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi ya social welfare komwe amawaitana onse awiri nkuwakhazika pansi. Pamenepo mwamuna amalonjeza zonse, ndizipereka mwezi uliwonse bwana, amasaina pakapepala, mwezi woyamba amatumizadi pa Airtel Money, wachiwiri theka, wachitatu foni siikupezeka. Kapepala kaja si chigamulo cha khoti, palibe angamumange nako. Nde mayi uja amayenera kupita kukhoti, atenge samani, samaniyo ikamufike mwamunayo, ndipo tsiku la mlandu asiye tomato wake akakhale pabenchi mmawa wonse. Majisitireti amaona zimene bambo amapeza, zimene mayi amapeza, ana ena amene bamboyo akusamala, ndi kukwera mitengo kwa zinthu, nkugamula ndalama ya pamwezi. Bambo akakana kuti mwana si wanga, lamulo lomweli limalola khoti kuunika kuti kholo ndani, amaona ngati dzina lake linalembedwa pa kalata ya kubadwa, ngati anavomerapo pagulu, ngati anachita nawo miyambo ya mwanayo, ndipo kukana kukayezetsa magazi nakonso amakuwerengera.

Kwa munthu wapantchito yolembedwa, mphunzitsi, msilikali wa ku Cobbe Barracks, wa ku Chanco, zimaphweka chifukwa khoti litha kulamula kuti ndalama izidulidwa ku malipiro asanailandire. Mavuto ali pa wakabaza, pa msodzi wa ku Kachulu amene lero wapha mawa sanaphe, ndipo koposa onse pa amene anapita ku Joni nkusintha nambala. Chigamulo chilipo, munthu wake kulibe. Kunyozera chigamulo ndi mlandu ndithu, munthu atha kulipitsidwa kapena kutsekeredwa, koma wotsekeredwa sagula ufa. Komanso ndalama imene khoti linagamula mu 2022, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 inasanduka ya sopo basi. Lamulo limalola kubwereranso kukapempha kuti aikweze, koma ndi angati ali ndi mtima ndi thiransipoti yoyambiranso ulendo umene uja. Legal Aid Bureau ili ndi ofesi mu Zomba muno ndipo imathandiza osauka ulere, amene angathe adzereko.

Tsopano mwana amene zafika poipa, sali pongosowa fizi koma moyo wake uli pachiswe. Lamulo lili ndi gulu limene limalitchula ana ofunika chisamaliro ndi chitetezo. Mmenemo muli mwana womenyedwa kapena kugwiriridwa, mwana amene makolo ake akukana kapena akulephera kumupatsa chakudya ndi pogona, mwana wotayidwa, wopanda kholo ndi womusunga, wopemphetsa mumsewu, wodwala amene makolo akukana kupita naye kuchipatala. Mfundo yomalizayi imakhudza aja a mipingo yokana mankhwala, chikhulupiriro ndi cha kholo koma thupi ndi la mwana. Mwana wotere, wapolisi, wa social welfare, mfumu, ngakhale munthu wamba wa mmudzi ali ndi mphamvu yomutenga nkumuika pamalo otetezeka. Koma osati kungomutenga nkukhala naye phee, akuyenera kukaonekera kukhoti la ana pasanathe maola 48, khotilo ndi limene linene kuti mwanayu apite kuti. Litha kumubwezera kwa makolo ake koma moyang'aniridwa ndi a social welfare, litha kumupereka kwa wachibale kapena munthu wina wodalirika, litha kumuika kwa banja lomulera mongogwirizira, kapena kumalo osungirako ana.

Ndipo kunena si chifundo chabe, ndi udindo. Dokotala amene waona mabala okayikitsa pa mwana, wachibale, wosamalira ana, neba, onse lamulo likuti akanene kwa a social welfare kapena kupolisi, ndipo kukhala chete ndi mlandu. Mwambi uja wa mwana wa mnzako ngwako yemwe timangoutchula pamisonkhano, lamuloli linautenga nkuuikira chilango. Koma tinene zoona, mmakomboni mwathu ku Chikanda kapena ku Mpondabwino, munthu amamva mwana akukuwa usiku uliwonse kuseri kwa khoma nkumati za mnyumba mwa eni sindilowerera, mawa ndikapempha moto kwa ndani. Mantha amenewo si opusa, wonenayo ndi amene amatsala akutukwanidwa pamjigo. Nchifukwa chake nambala ya 116 ili yofunika, ndi yaulere, imayankhidwa ndi a Tithandizane Helpline ya bungwe la YONECO limene likulu lake lili konkuno ku Zomba, ndipo munthu atha kunena nkhani neba osadziwa kuti wanena ndani.

Nanga malo otetezekawo ndi ati? Apa nde pali dzenje lalikulu. Ku Zomba boma lili ndi Chilwa Reformatory Centre, ku Blantyre kuli Mpemba, koma malo amenewa anamangidwira ana amene alakwira malamulo kuti akasinthe khalidwe ndi kuphunzira ntchito zamanja. Ku Lilongwe kuli Social Rehabilitation Centre imene imalandira ana a mumsewu. Kupatula apo, nyumba zambiri zosungira ana mdziko muno ndi za mipingo ndi mabungwe, zimayendera ndalama za azungu akufuna kwabwino, boma mbali yake ndi kuzilembetsa ndi kuziyendera. Lamulo linakhazikitsanso Child Case Review Board, yotsogoleredwa ndi jaji wa High Court, yoti iziyendera malo osungira ana ndi kuunika nkhani zawo. Ndiponso boma lenilenilo silifuna kuti ana azidzadza mnyumba zimenezi, mfundo yake ndi yoti mwana akulire pabanja, ndipo kwa zaka tsopano lakhala likubweza ana kwa abale awo. Ine apa ndimagwirizana nalo. Ana ambiri amene ali mmalo amenewa si amasiye enieni, ali ndi kholo limodzi kapena agogo, chinawapititsa ndi umphawi, ndipo mwana wokulira ku ophanej akakwana zaka 18 amatuluka alibe munda, alibe mudzi, sadziwa ngakhale manda a makolo ake. Koma kumubweza mwana kwa agogo opanda thumba la chimanga pambuyo pake ndi kungosamutsa njala.

Anthu amene akuyenera kuyendetsa zonsezi ndi a ofesi ya social welfare ya paboma, pansi pa unduna wa za jenda umenenso umaona za ana. Pansi pawo pali ma child protection worker amene amakhala mmadera, ena amalipidwa ndi boma, ambiri ndi ongodzipereka. Ambiri mwa ogwira ntchito za social welfare anaphunzira ku Magomero ku Chiradzulu. Munthu mmodzi amayang'anira midzi yambirimbiri pa njinga yakapalasa, nkhani ikachitika ku chilumba cha Chisi afunika boti, ikachitika kuseri kwa phiri afunika mafuta a njinga yamoto, ndipo ndalama zoyendetsera ofesi zimene zimabwera kumakhonsolo ndi zochepa mwakuti ntchito yambiri imadikira pulojekiti ya UNICEF kapena Save the Children. Pulojekiti ikatha, kuyendera ana nakonso kumazilala. Kwa ma T/A kuli ma Community Victim Support Unit, ndipo ku Zomba Central Hospital kuli Chikwanekwane, malo amene mwana wogwiriridwa amapeza dokotala, wapolisi ndi waupangiri pamodzi mmalo mozungulira maofesi akubwereza nkhani yowawa kwa anthu asanu. Amene zamugwera afulumire, mankhwala oteteza ku HIV aja amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Khonsolo nayo lamulo linaipatsa ntchito zake, kusunga kaundula wa ana olumala, kupezera pogona ana osochera ndi otayidwa, koma ndikaona mmene makhonsolo athu amavutikira ndi zinyalala za mumsika, sindidabwa kuti mbali imeneyi imangokhala papepala.

Thandizo la ndalama limene limafikadi mmanja mwa anthu ndi Mtukula Pakhomo. Inayamba ngati yoyeserera ku Mchinji mu 2006, pano ili mmaboma onse 28, ndipo ndalama zake zambiri ndi za mayiko ndi mabungwe otithandiza monga World Bank, European Union, Germany ndi Ireland. Imalunjika pa mabanja 10 pa 100 aliwonse, aja osaukitsitsa amenenso alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga nyumba ya agogo okalamba amene akulera zidzukulu, nyumba ya wodwala matenda a mgonagona, kapena nyumba imene mutu wake ndi mwana. Pamakhalanso kandalama kapamwamba pa mwana aliyense wapasukulu. Ukapita tsiku lolandira uwaona agogo atakhala pamthunzi, khadi atalikulunga mu jumbo nkulimangirira kunsonga ya chitenje, akangolandira ulendo wa kuchigayo, ena kagolosale kukabweza ngongole ya mchere ndi sopo. Ndalamayo ndi yochepa koma pakhomo pamene panalibe kalikonse imasintha zinthu, mwana amapeza yunifomu ndi kope.

Koma taonani pamene pali mpata. Mtukula Pakhomo amathandiza khomo, sathandiza mwana payekha. Mwana amene bambo ake ndi amphamvu zawo koma ndalama yonse ya ganyu imathera ku kachasu, kapena mayi ake anakwatiwanso ndipo bambo omupeza anati ana a mwamuna mnzanga sindidyetsa, khomo limenelo papepala lili ndi anthu otha kugwira ntchito, nde silingalowe. Mwana wamasiye weniweni mwina mpingo umukumbukira, bungwe limulemba, pa bursary ya kukhonsolo dzina lake likhala kutsogolo. Koma uyu wamasiye makolo ali moyo alibe mzere woimapo. Ndipo ana ambiri amene timawaona kudepoti ndi mumsika waukulu akunyamula katundu wa anthu kapena kutola mabotolo ndi a gulu limeneli, ukawafunsa bwinobwino amakuuza mudzi wawo, dzina la mfumu, ndi kuti amayi alipo. Nchifukwa chake zija zowasesa mumsewu nkukawatula kwawo sizikhalitsa, pakatha sabata ziwiri abwerera, chimene anathawa chikadalipo. Sukulu ya pulaimale ndi yaulere kuyambira 1994 inde, ndipo kumene kuli phala la Mary's Meals kapena la WFP ana amakhamukirako, koma kwa zaka zambiri tindalama ta chitukuko cha sukulu ndi ta mayeso tinkabwezabe mwana amene analibe womulipirira.

Mwana wotayiriridwa sachedwa kugwa mmanja mwa anthu ofuna antchito otchipa. Kunyanja ya Chilwa kuli anyamata aja amati a bila, amene amamira pansi kukakola khoka likakodwa mmatope. Mtauni muno mmanyumba mwa anthu ophunzira bwino, opemphera, muli atsikana a zaka 12 ochokera ku Jali ndi ku Mayaka amene anatengedwa ponena kuti tikamuphunzitsa, koma sukulu sanaiwonepo, ntchito yawo ndi kulera ana anzawo. Employment Act imaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Lamulo la ana la 2010 nalo limaletsa kugulitsa mwana, kumupereka ngati chikole cha ngongole, kumukakamiza kugwira ntchito kuti kholo lizilandira ndalama, kumukakamiza banja, ndi kumuchititsa miyambo yowononga thanzi lake, ndipo chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Kuzembetsa ana nde mpaka moyo wonse. Aja olanda katundu wa ana amasiye pamaliro nawonso ali ndi lamulo lawo la 2011, Deceased Estates Act, limene linati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, osati nkhani yapachibale.

Ndipo njala ikamutuma mwana kuba foni kapena nkhuku, lamulo lomwe lija limamulandira kukhomo lina. Mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu. Wopitirira apo, pa milandu ing'onoing'ono, lamulo limafuna kuti nkhani ipatutsidwe isafike kozengedwa, apepese, abweze, alangizidwe, abwerere kusukulu. Sakuyenera kutsekeredwa limodzi ndi akuluakulu, sakuyenera kupita kundende, ndipo dzina lake silikuyenera kuulutsidwa, amene mumajambula ana ogwidwa akuba nkumamwaza pa WhatsApp mudziwe zimenezo. Mu 2018 High Court inachita kulamula kuti ana amene anali ku ndende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedweko, umboni woti zaka zisanu ndi zitatu lamulo litakhazikitsidwa ana ankatsekeredwabe. Chimene chimawagwetsa ambiri ndi zaka. Kulembetsa ana akabadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, nde alipo ambiri opanda kalata ya kubadwa, makamaka omwewa opanda kholo lowalondola. Mnyamata wa zaka 16 wathupi lalikulu, wopanda pepala, wopanda wachibale womuyankhulira, amangolembedwa 19 nkupita ku khoti la akulu. Ngati mukusunga mwana wa m'bale wanu, kalata ya kubadwa ndi kabuku ka kusikelo muzisunge ngati ndalama.

Pali funso limodzi limene ngakhale a majisitireti limawazunguza. Mayi wotcha mwana manja uja, anthu timafuna amangidwe ndipo lamulo limalola. Koma nthawi zambiri mayi yemweyo ndi amene akusaka chakudya cha ana ena atatu, bambo kulibe. Akalowa ku ndende, wakhanda amapita naye konko, enawo amagawidwa kwa abale amene sanawapemphe, wamkulu amasiya sukulu kuti azilera ang'ono ake. Akamusiya, mwana wopsa manja uja abwerera mnyumba yomweyo, kwa munthu yemweyo amene tsopano wakwiya kuti unandinenera. Lamulo linapereka njira yapakati, yoti kholo lisaine chikole cha khalidwe ndipo a social welfare aziyendera khomolo kwa nthawi yoikika, kumuona mwana, kuona mabala, kufunsa kusukulu. Njira imeneyi imagwira pokhapokha woyenderayo akamafikadi pakhomopo mwezi ndi mwezi, ndipo kuchoka paboma kukafika kwa Mkumbira mafuta ake si a masewera.